Mwendo Wakumanja wa Aukuso

Vaisala, Savai'i
8 Febuluwale 1999

Kuso mlongo wanga,

Landira moni wa anthu amene unawasiya ntchito ili pakati. Bambo ali bwino, amayi ali bwino, nkhumba zili bwino. Ine ndiye pang'ono, poti mafunso a mudzi wonse akugwera ine.

Unafika bwanji ku Auckland? Ndikufunsa mwaulemu chabe. Ndikudziwa kuti unafika, chifukwa ndege ikadagwa tikadamva, ndipo anthu akadatilira m'malo motiseka.

Ioelu, msuweni wako amene munagona naye pamphasa kwa tufuga, mmisiri wotema mphini, wamaliza pe'a yake Lachisanu. Mphini kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo kuti bii, ndi pamchombo pomwe. Anamuswera dzira pamutu, anamudzoza mafuta a kokonati ndi chikasu, ndipo amayi ake analira mokweza kuti ife timve. Iwe unatemedwa masiku asanu okha, msana ndi mwendo wamanzere. Wakumanja uli mbee ngati chilazi cha talo chosenda. Dzina lake ukulidziwa: pe'a mutu, mphini zodukiza. Dzulo ndinalimva kusitolo, pakamwa pa mkazi amene satha kulemba ndi dzina lake lomwe.

"Aphunzitsi," akuti, "paja mlongo wanu anathawa ululu?"

Ndinati, "Anapita kukagundana ndi amuna olemera ngati ng'ombe, amayi. Amuna anu aja amathawa nkhuku ikakupiza mapiko."

Ndinapambana, koma shuga ndinamuiwala pa kauntala.

Usandikumbutse, ndikukumbukira ndekha. Ndine ndinathamanga kuchokera kupositi ndi uthenga wakuti timu ya ragibi ikukufuna kukayesedwa pasanathe masiku khumi. Ndine ndinaima pamaso pa bambo n'kunena kuti mwayi sudikira koma mphini zidikira. Ndinalankhula bwino zedi. Boma silinataye pachabe ndalama zake pondiphunzitsa ku yunivesite ku Suva. Bambo, amene amalankhulira mudzi wonse pabwalo, sanandiyankhe ngakhale liwu limodzi. Tufuga anakulunga zipangizo zake nati, "Ntchito yanga siimalizidwa ndi dzanja la eni. Ndidikira."

Ndiye uziti ubwera liti. Usandichititse wabodza.

Mlongo wako,
Luafata


Auckland
2 Malichi 1999

Achemwali,

Moni kwa inu, kwa bambo ndi amayi. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Kachiwiri ndinali nditadya, ndiye sinapweteke kwambiri.

Anditenga! Ndasaina zaka ziwiri. Andiika kutsogolo penipeni pokankhana paja, pamene mitu imalowana. Tsiku loyamba zilonda zinali zisanapole, ndiye titangokankhana kamodzi nkhanambo zonse zinang'ambika, kabudula magazi okhaokha. Kochi anafunsa ngati ndalumidwa ndi shaki. Ndinati eya, shaki wakwathu.

Ndimasamba anzanga onse atatuluka. Koma pali mkulu wina wa ku Upolu, chilumba choyandikana ndi chathu, amene amachapa majezi, iyeyo anandiona. Anayang'ana mwendo uwu, anayang'ana uwo.

"Kwanu n'kuti, mphwanga?"

"Ku Vaisala."

"Bambo ako ali moyo?"

"Ali moyo."

"Ukawapepesere," anatero, n'kupitiriza kupinda masokosi.

Muwauze bambo kuti Disembala ndikubwera. Inu musamakangane ndi anthu kusitolo, mudzatitsekera kogula.

Ine mlongo wanu,
Aukuso


Vaisala
19 Ogasiti 2003

Kuso,

Moni, ngati anthu a ku France amalandirabe moni wa kumudzi. Tili moyo. Amayi bondo lawavuta, koma pakamwa pali bwinobwino.

Disembala amene unanena uja sunatchule chaka, ndiye cholakwa ndi changa posafunsa. Anayi adutsa. Wabwera kawiri, ulendo wina masiku asanu ndi anayi, wina sabata imodzi, ndipo nthawi zonse masamu ako ndi amodzi: kutema masabata awiri, kupola mwezi ndi theka, tchuthi masabata atatu. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale, koma masamu amenewa ndawaloweza.

Tinakuonera ku Apia utavala jezi ya dziko. Sindinama, ndinakuwa mpaka mawu anatha, ndipo mayi wina amene ananena kuti ndiwe wolemera miyendo ndinamumenya ndi ambulera mwangozi, kawiri. Bambo maso anali pa miyendo yako masewera onse. Pobwerera m'sitima anangoti, "Kabudula wothina wam'kati uja, wofika m'mawondo, amavala onse?" Ndinati ndi fashoni. Anati, "Oho."

Tsono imva izi. Mwezi watha pabwalo la mafumu panali mkangano wa malire a munda. Bambo anaimirira ndi ndodo yawo, mawu akutsika ngati mvula. Wolankhulira mbali inayo anawadula nati, "Malizani msanga, akulu, paja kwanu zinthu zimathera pakati." Anthu ena anaseka. Bambo anaika ndodo pansi n'kukhala. Pa zaka makumi atatu sindinaonepo akukhala pansi mawu asanathe.

Ndalama za denga la tchalitchi zinafika, abusa anatchula dzina lako katatu Lamulungu. Zikomo. Koma denga limaphimba mitu, Kuso, siliphimba miyendo.

Luafata


France
11 Novembala 2008

Achemwali okondedwa,

Moni nonse. Pepani kuchedwa kuyankha. Bwanji osangogula foni ngati anthu ena onse? Mkazi wanga Fuatino akuti mumakana dala kuti muzindinyoza ndi inki, zosafufutika. Akupereka moni, pamodzi ndi kamwana kathu Sieni, kamene kayamba kuyenda ndipo kali ndi nkhope yanu kakakwiya.

Ndine kaputeni tsopano. Anthu kuno amaimba dzina langa molakwika koma mokweza. Loweruka lapitali ndinagundana mutu ndi munthu wina wa ku Georgia, ndinadzidzimuka ndili chagada ndikumufunsa dokotala m'chilankhulo chathu ngati nkhumba zadya. Anzanga akundisekabe. Ndinadzuka n'kumaliza masewera, akuti ndinasewera bwino kuposa kale, ngakhale ine sindikukumbuka. Aka n'kachisanu kapena kachisanu ndi chimodzi. Musadandaule, mutu wa ku Savai'i ndi kokonati, umafuna chikwanje.

Za nkhani ija sindinaiwale. Ndimaiona tsiku lililonse posamba. Kwatsala zaka ziwiri, mawondo akuti basi. Ndikasiya ndidzagona pamphasa mpaka tufuga atatopa ndi iye.

Bambo ndawatumizira jekete. Ndikudziwa kuti kwathu sikuzizira, koma ndinalibe china choti ndiwatumizire.

Aukuso


Vaisala
27 Meyi 2013

Kuso,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Japan. Kuno alendo a maliro apita, mphasa tapinda, ndipo simenti ya pamanda a bambo yauma. Ali pakhomo pomwe, pafupi ndi mtengo wa mandimu, poti amayi akuti akufuna aziwaona akamasesa.

Unakhala masiku anayi. Unanyamula bokosi, unalira, unapereka zonse zimene mwambo umafuna ndi kupitirira, ndipo anthu akukutama. Ine sindinapeze mpata wokulankhula, chifukwa nthawi zonse unali pakati pa anyamata ofuna kujambulitsa nawe. Ndiye ndikulankhula pano.

Unasiya kusewera zaka zitatu zapitazo. Tinati basi, akubwera. Kenaka tinamva kuti wakhala kochi, ukuphunzitsa anyamata a ku Japan kukankhana. Ndi ntchito yolemekezeka, sindikukana. Dziko likanakhala bwanji popanda anthu odziwa kukankhana? Koma kochi sagundidwa ndi munthu. Kochi amaima ndi wezulo. Munthu angathe kuimba wezulo mwendo uli ndi mabandeji.

Pali chinthu chimene bambo anandiletsa kukuuza, ndipo poti sangandiletsenso, imva. Chaka chilichonse ikafika Okutobala ankapatula nkhumba imodzi, ya tufuga, n'kumaidyetsa okha ndi manja awo. Ikafika Febuluwale ankaipereka kwa abusa osanena kanthu. Nkhumba khumi ndi zinayi, Kuso. Abusa athu ananenepa chifukwa cha mwendo wako.

Posambitsa thupi, amalume anandiitana kuti ndibweretse mafuta. Ndinaona pe'a ya bambo. Khungu linali litakwinyika, mizere itapindika ngati ukonde wakale, koma yonse inalipo, mpaka pamchombo.

Tufuga wako anamwalira chaka chathachi akudikirabe. Zipangizo anasiyira mwana wake, ndipo mwanayo anabwera kumaliro. Akuti bambo ake anamuuza kuti ku Vaisala kuli ntchito ya banja lawo yosatha, ndipo dzanja la mwana ndi dzanja la bambo. Khomo likadali lotsegula. Sindikupempha. Ndikungodziwitsa, monga amachitira a zanyengo.

Luafata


Japan
6 Sepitembala 2016

Achemwali,

Moni kwa inu, kwa bambo ndi amayi. Muli bwanji kumeneko? Kuno kwayamba kuzizira.

Ntchito ikuyenda. Anyamata ndi aulemu kwambiri, amawerama ngakhale ndikawakalipira. Ndimawauza kuti mapewa pansi, msana mowongoka, kankhani ngati munthu mmodzi. Mayina awo ndi ovuta, ndimawalemba padzanja. Dzulo ndinawachititsa zomwezomwezo kawiri, iwo osanena kanthu. Ndi aulemu kwambiri.

Muwauze bambo asamakoke okha bwato, aziitana Ioelu. Kodi jekete lija linawakwana? Muwauze kuti Januwale uno ndikubwera ndithu, ulendo uno si nkhambakamwa, akonzeretu za tufuga. Ndikufuna adzakhale kumutu kwanga monga anakhalira poyamba paja.

Kuno kwayamba kuzizira. Mundilembere, mwakhala chete nthawi yaitali.

Aukuso


Vaisala
24 Sepitembala 2016

Aukuso,

Moni sindipereka, ndilibe.

Ndakhala chete ine? Makalata atatu ndakulembera chaka chino. Koma zimenezo zisiye. Ndawerenga mabuku ambiri, ndaphunzitsa ana za mafumu ankhanza a m'mayiko onse, koma nthabwala ngati yako sindinaionepo. Kapena unali utaledzera? Kapena uli ndi kalata imodzi imene unalemba kalekale, umangosintha deti?

Uthenga wako ndapereka. Ndinatuluka panja, ndinaima pafupi ndi mandimu, ndinawerengera simenti mokweza. Bambo sanayankhe za jekete. Za bwato akuti usavutike, anasiya kukoka pa 9 Meyi 2013, tsiku limene anafa akuyang'ana kumsewu. Unalipo powaika. Unagwira bokosi kumutu, mbali yakumanja.

Amayi anandimva ndikuwerenga. Sanadye tsiku limenelo.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikukutchinjiriza ndi pakamwa panga. Ndadana ndi theka la mudzi. Ndinkati ndiwe wotanganidwa, kenaka ndinkati ndiwe wamantha, ndipo wamantha ndikanamukhululukira. Sindinadziwe kuti unangotiiwala ngati ambulera ya m'basi.

Usadzalembenso dzina la bambo.

Luafata


Auckland
30 Okutobala 2016

Alamu anga a Luafata,

Ndine Fuatino. Moni kwa inu ndi kwa amayi. Sindinakulemberenipo, ndipo ndimakuopani, ndiye mundikhululukire ndikalemba mokhota.

Tachoka ku Japan, tili kwa achimwene anga kuno. Kuso ntchito inatha. Sanamuchotse mwachipongwe, anamusunga mpaka pamene sakanathanso. Tsiku lina anaima pakati pa bwalo ndi wezulo m'kamwa osadziwa kuti anyamata onsewa akudikira chiyani. Lina anasochera pobwera kunyumba, msewu umene wayenda zaka zisanu. Madokotala amujambula mutu. Akuti ndi kugundidwa kuja, kwa zaka zonse zija, ndipo sikubwerera m'mbuyo. Ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi.

Zinayamba kale, mwina chaka cha maliro chomwe. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Ankati, "Achemwali adzati ndapeza chonamizira chatsopano." Ankaopanso kugona pamphasa mutu uli chonchi, kuti angachite manyazi pamaso pa anthu. Makalata anu atatu aja ali m'chikwama chake, amawatsegula n'kuwapindanso, akuganiza kuti anayankha.

Kalata yanu yomaliza anaiwerenga ali kukhitchini. Alamu, kwa iye bambo anamwalira tsiku limenelo. Anagwa pansi, analira mpaka Sieni anathawira kwa aneba. Patapita masiku anayi anaipezanso pa tebulo, anaiwerenga, ndipo bambo anamwaliranso. Kachitatu ndinamulanda. Ndaiwotcha, pepani.

Sindikukuimbani mlandu, simunadziwe. Koma pali chinthu chimodzi chimene sichinachoke m'mutu mwake. Akamavala m'mawa amagwira mwendo wakumanja n'kunena kuti, "Tino, tichedwa, tufuga akudikira." Ine ndinakulira kuno, za mwambo sindizidziwa bwino. Kodi munthu wotere angatemedwe? Ndiuzeni chochita.

Mlamu wanu,
Fuatino


Vaisala
12 Novembala 2016

Fuatino mng'ono wanga,

Unachita bwino kuiwotcha. Ukanatha ukanawotcha ndi dzanja limene linailemba.

Ndine mphunzitsi wamkulu, ndimadziwa mwana amene sanadye pongomuona akulowa pageti. Mlongo wanga analemba kawiri m'kalata imodzi kuti kwayamba kuzizira, ine n'kumuchongera ngati wolephera mayeso.

Ndalankhula ndi tufuga, mwana wa malemu uja. Akuti abwere, tikaone. Munthu satemedwa yekha, pamafunika mnzake wogona naye pamphasa, ndipo amuna a msinkhu wake onse anamaliza kalekale. Ndiye ndigona ndine. Ndidzatemedwa malu, mphini zathu za akazi, zimene ndakhala ndikunena kuti n'zosayenera munthu wa madigiri awiri.

Bwera naye.

Luafata


Vaisala
5 Febuluwale 2017

Fuatino,

Moni kwa iwe ndi Sieni. Ndikhulupirira sukulu wayamba bwino, ndipo kuntchito sanakudule masiku. Unachoka titangoyamba, ndipo pafoni ya Ioelu ndinakuuza kuti zonse zikuyenda. Pafoni ndimanama bwino. Ndi chifukwa chake ndimalemba.

Zanga zinatha masiku awiri. Ndinalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, ana a sukulu akumvera kuseri kwa mpanda, ndipo ulemu umene ndinaumanga zaka makumi awiri unathera pomwepo. Kuso anali pambali panga akundigwira dzanja.

"Achemwali, pumani ndi mphuno. Mwangoyamba kumene."

"Khala chete, pe'a mutu iwe," ndinatero, ndipo anaseka mpaka tufuga anamukalipira kuti akundigwedeza mwendo.

Nthawi yake itafika, masiku atatu oyamba Kuso anagona ngati mwala. Kachipeso ka mano kakulowa, kamtengo kakugogoda, magazi akupukutidwa, iye phee. Nthawi zina ankawalangiza amuna okoka khungu aja, akuti mapewa pansi, gwirani ngati munthu mmodzi. Madzulo Ioelu ankapita naye kunyanja kukatsuka zilonda. Ntchafu yonse yakunja inatha. Akuluakulu ankabwera kudzakhala nafe n'kumaimba, ngakhale uja anawadula mawu bambo pabwalo. Ndinamupatsa tiyi. Shuga sindinamuikire.

Tsiku lachinayi anadzuka mwendo utatupa, thupi likutentha pang'ono. Tinamugoneka. Kunatsala mkati mwa ntchafu, bondo ndi mchombo, ntchito ya masiku awiri. Tufuga atangogogoda kangapo, Kuso anadzutsa mutu. Anayang'ana amuna omugwira, anayang'ana magazi, kenaka anandipeza ine.

"Achemwali, anthuwa ndani?"

"Ndi tufuga, Kuso. Tikumaliza pe'a yako."

Anagonanso. Kugogoda kunayamba. Sipanapite nthawi, anakuwa, mawu amene sindinawamvepo chichokere ali mwana.

"Achemwali, akundipweteka! Ndawalakwira chiyani? Auzeni ndapepesa!"

Ndinamufotokozeranso. Anamvetsa, anapepesa tufuga mwaulemu, anagona. Kenaka zomwezo. Kanayi, Fuatino. Kachinayi anaitana bambo kuti adzamulanditse.

Tufuga anaika kamtengo pansi n'kutembenukira kwa ine. Anati, "Amayi, ululu uwu munthu amaunyamula chifukwa akudziwa chimene akuunyamulira. Mwini khunguyu sakudziwa. Mawu ndi anu."

Amalume anati amuna anayi amugwire. Akuti masiku awiri okha, mawa sadzakumbuka n'komwe, koma banja lidzakumbukiridwa mpaka kale. Anthu ambiri anavomereza, ndipo sanali oipa mtima. Ena anali akulira. Ioelu anali atagwira kale phewa, nkhope atayang'ana kumbali. Ndipo ine ndinafuna, usaganize kuti sindinafune. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndalota mchombo umenewo uli wakuda.

Koma anali akundiyang'ana ine. Pa anthu onse m'nyumbamo ankadziwa nkhope yanga yokha, ndipo ankadikira kuti ndione zimene akumuchita.

Ndinati, "Musiyeni."

Amalume anati, "Mwana wa mlongo wanga, ukudziwa dzina limene adzaikidwe nalo m'manda?"

Ndinati, "Ndikulidziwa, amalume, ndalimva kusitolo kuposa inu. Amene akufuna kulitchula abwere alitchulire pakhomo panga, ndidzamuphikira tiyi."

Palibe anaseka. Tufuga anatsuka zipangizo zake. Nkhumba ndi mphasa zake tinamupatsa zonse monga wamaliza, anakana kawiri, kachitatu analandira. Dzira limene amayi anasunga loti timuswere pamutu analibwezera m'dengu.

Zilonda zikupola bwino, usadandaule. Akudya, ndipo amakufunsa, masiku ena ndi dzina. Mankhwala aja atsala a milungu itatu, utumize ena ndi aliyense wobwera.

Dzulo m'mawa ndinamupeza atakhala pa simenti ya bambo, nsalu ataikwezera m'mwamba, akuyang'ana miyendo yake padzuwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Bondo loyera lija analiphimba ndi dzanja, sindikudziwa ngati dala.

"Achemwali, kodi tinamaliza?"

"Tinamaliza," ndinatero.

"Sindinalire?"

"Iwe? Ndinalira ndine."

Anagwedeza mutu, anasisita simenti ija ndi chikhatho. Kenaka anandifunsa ngati kuli tiyi, ndipo ndinapita kukamuphikira.

Akadzakufunsa pafoni, uyankhe chimodzimodzi. Umuuzenso Sieni.

Mlamu wako,
Luafata